Nyumba yomwe inafulatira nyanja

Ndabweranso ndi nkhani yanga yaitali. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, muno mulibe vidiyo.

Mu 2019 ndinawamangira bambo anga nyumba kwathu ku Nkhotakota. Njerwa zowotcha, pansi simenti, malata atsopano, mazenera a galasi okhala ndi zitsulo zotchinga akuba. Ndalama yake ndinaivutikira zaka zinayi ku Joni, masana kutsuka magalimoto, usiku ulonda. Tsiku lolowa tinapha mbuzi, amayi a m'mudzi analulutira kuti mwana wa msodzi wachotsa manyazi pakhomo. Ine mtima unali m'malo.

Pulani ndinajambula ndekha papepala la m'kope, kuonera zithunzi za pa Facebook. Mmisiri ndinkamulamula pafoni. Ndinati khomo liyang'ane kumsewu, odutsa pa M5 aziona kuti pano pali mwana amene anapita kunja. Atafunsa za khonde ndinamuseka, ndinati khonde ndi la nyumba zachikale, ndalama imeneyo tigulire masofa. Siling'i tinati tidzaika zikadzayenda, ndipo mukudziwa kale mmene mawu amenewa amathera.

Tsono amene mumakudziwa kwathu, nyanja ili kum'mawa, msewu uli kumadzulo. Ndiye kuti nyumba yanga yokongolayo inafulatira nyanja. Khoma la kunyanjako linali ndi kazenera kamodzi ka kubafa basi.

Nyumba yakale inali ya zidina, denga la udzu lotsika mpaka munthu wamtali ankawerama polowa, khonde kuzungulira. Sindikuikometsera ayi. Inkadontha, chiswe chinkaidya, udzudzu unkalowa pampata wa pakati pa khoma ndi denga ngati kwawo, ndipo mayi ankagona ndi mantha a moto chilimwe chonse. Koma pakhonde lake la kum'mawa ndi pamene panali moyo wa bambo. Tambala woyamba akalira anali atakhala kale pamenepo, kuwerenga nyali za asodzi a usipa, kuyang'ana mitambo ya mbali ya ku Mozambique, kuona nkhungu zikufuka pamadzi ngati utsi. Akati lero kuli mwera, anyamata sankakankha bwato. Ukonde ankasokera pomwepo. Alovi akakangana pa kagawidwe ka ndalama, mlandu unkathera pomwepo. Munthu wopita kudooko sakanadutsa osapereka moni, ndipo moni wa kwathu mukuudziwa, umabala nkhani.

Patatha miyezi ingapo chilowereni m'nyumba yatsopano, mayi anayamba kundiimbira. “Bambo akowa asintha.” Akuti sachedwa kupsa mtima, akukalipira adzukulu pa zinthu za ziii, nsima akungoitsina, usiku akungotembenuka. Tinawatumiza kuchipatala, anawayeza BP ndi shuga, zonse zinali bwino. Achibale ena anayamba kunong'ona kuti nyumba ya malata imabwera ndi nsanje, pali amene waponda pakhomo. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, n'kutumiza ndalama ina.

Ndinabwerako mu Okutobala 2022, ndipo ndinagona m'nyumbamo koyamba nyengo yotentha. Abale, ndinaphikidwa. Dzuwa la masana likapendeka limamenya khoma la kutsogolo ndi magalasi aja mpaka kulowa, popanda khonde kapena mtengo wolitchinga. Njerwa ndi simenti zimasunga kutentha kumeneko n'kumakutulutsa usiku. Pamwamba malata opanda siling'i ali ngati chiwaya. Kamphepo kochokera kunyanja, kaja kamatipulumutsa masana, kankafika pakhoma lakumbuyo n'kubwerera, chifukwa mphepo silowa m'nyumba ngati ilibe polowera ndi potulukira. Pofika pakati pa usiku ndinali nditakankhira neti kumbali, udzudzu uchite zomwe ungathe. Apa ndinamvetsa chifukwa chake adzukulu ankadwalabe malungo m'nyumba ya galasi.

Cha m'ma 4 koloko ndinamva chitseko. Ndinadzuka n'kutsatira mwakachetechete. Bambo anazungulira nyumba yonse, n'kukakhala pa chibwato chakale chovundikira kuseri, pafupi ndi chimbudzi. Ndi malo okhawo amene nyanja inkaoneka.

Ndinati, “Bambo, mukutani kuno usiku uno?”

Anati, “Ndikuona nyanja.”

“Nanga bwanji simunandiuze kuti nyumbayi sikukusangalatsani?”

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, “Mwanawe, munthu akakuveka malaya sumuuza kuti mabatani ali kumsana.”

Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ine ndinayenera kudziwa. Ku Johannesburg ndinakhala zaka ziwiri m'kachipinda kodulidwa ndi mabolodi pakati pa chipinda china, kopanda zenera, babu loyaka usana ndi usiku. Ukadzuka sudziwa ngati kwacha. Ndinkakwiya ndi aliyense, mtima unkangothamanga, tsiku lopuma ndinkakakhala pa siteshoni ya basi kuti ndingoona kumwamba. Nthawi imeneyo ndinkati ndi kusowa kwathu. Nditasamukira m'chipinda china chokhala ndi zenera loyang'ana kamtengo kamodzi kokha, tulo tinabwerera, koma sindinalumikize zinthu ziwirizi. Ndinatuluka m'bokosi n'kukawamangira bambo anga bokosi lalikulupo.

Pambuyo pake ndinayamba kuwerenga za nkhaniyi, ndipo si zamaloto. Mu 1984 katswiri wina, Roger Ulrich, anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science. Anatenga mafayilo a odwala 46 amene anachitidwa opaleshoni yochotsa ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania, ku America. Theka la iwo zenera lawo linkayang'ana mitengo, theka linalo linkayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo aja anatuluka patatha masiku pafupifupi 8, oona khoma pafupifupi 9, ndipo a mitengowo sanafune mankhwala amphamvu opha ululu ochuluka ngati anzawo. Opaleshoni imodzimodzi, chipatala chimodzimodzi. Ngati zenera likuchita zimenezi kwa munthu wogona sabata imodzi, nanga msodzi amene wayang'ana madzi m'mawa uliwonse kwa zaka 60, iwe n'kumuikira khoma?

Wina amene anandichititsa manyazi ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa kwathu kuno. Iyeyu ali mwana anaphunzira m'kalasi yotentha, ya mdima, ndipo sanaiwale. Atapita ku Germany kukaphunzira zojambula nyumba, anabwerera kumudzi kwawo ku Gando n'kumanga sukulu yomwe inatha mu 2001. Malata sanawakane ayi. Anawakweza pamwamba pa zitsulo, pansi pake n'kuika siling'i ya njerwa za dothi, kuti mphepo izidutsa pakati n'kumachotsa kutentha, ndipo denga analitulutsa kunja kwambiri kuti makoma azikhala pamthunzi. Mu 2022 analandira Pritzker, mphoto yaikulu kwambiri ya ntchito imeneyi, munthu woyamba wa ku Africa kuilandira. Nditaona chithunzi cha sukuluyo ndinaseka ndekha. Denga lotuluka kunja lija ndi khonde lomwe ndinamuseka nalo mmisiri wanga.

Mu 2023 tinagumula khoma la kum'mawa. Anthu anati mwana uja ndalama zamuzunguza mutu, akuphwanya nyumba yabwinobwino. Tinaika chitseko ndi zenera lalikulu moyang'anizana ndi la kutsogolo, mazenera onse tinakhoma waya wa sefa kuti azikhala otsegula usiku. Khonde tinamanga la mitengo ya bulugamu, pamwamba udzu, ndipo nthawi ino muyezo anapereka ndi bambo, ndi ndodo yawo, ine ndinangogwira chingwe. Siling'i ya mabolodi inandikanika mtengo, ndiye tinaika ya bango lolukidwa ndi amisiri a mphasa a komweko. Kumadzulo tinadzala mitengo iwiri ya mango, imeneyo mthunzi wake tidikira.

Sindinganame kuti nyumba yasanduka firiji. Okutobala ndi Okutobala basi. Mayi nawo ali ndi dandaulo lawo latsopano, akuti mwera ukayamba mu Juni mchenga ukumalowa mpaka pa masofa, ndipo amawafunditsa nsalu ngati odwala. Masofa amenewo, kunena zoona, amakhalapo ndi alendo a pa Khirisimasi okha. Siling'i ya bango nayonso makoswe aikonda, tinachita kupeza mphaka.

Koma sabata yatha bambo anandiimbira foni okha, chinthu chimene sachita, amati foni imadya ndalama. Anandiuza kuti anawaletsa anyamata kulowa m'madzi Lachiwiri ndipo mphepo inabweradi madzulo ake. Anandiuza za mlandu wa injini ya boti umene anaweruza, mawu ali pamwamba, kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anati ndikapeza kangachepe nditumize ya mitengo inayi ndi mitolo ya udzu, khonde lachepa, anthu ena akumakhala padzuwa.