Sikelo Itaima

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 sikelo tinkaidziwa pa malo awiri: kumsika wa ADMARC, kumene abambo ankayezetsa chimanga ndi mtedza, ndi kuchipatala cha ana, kumene amayi ankapachika khanda m'kakabudula kansalu maso ali pa muvi. Konse kuwiriko pemphero linali limodzi, loti muviwo ukwere. Munthu wamkulu akabwera kuchokera kutauni masaya atadzaza, azakhali ankamugwira mkono n'kunena kuti, "Koma ndiye mukudya bwinotu!" Mkazi akanenepa pabanja, ulemu unkapita kwa mwamuna wake.

Kenako kunabwera Edzi. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 maliro anali osatha. Munthu akangothinitsa lamba ndi bowo limodzi, manong'onong'o a kaliwondewonde ankayamba. Kwathu kunali amayi ena amene ankamanga zitenje ziwiri m'kati kuti chiuno chioneke chodzaza. Ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, chimene mabanja ankadikira kuona chinali thupi kubwerera. M'badwo wanga unaphunzirira kumanda kuti mnofu ndi moyo, ndipo sindingauweruze pa zimenezo.

Koma pamene tinkakondwerera masaya, matenda ena anali akulowa mwakachetechete. Mafuta ophikira anachuluka, zakumwa zotsekemera ndi chipisi zinafika pa sitolo iliyonse, minibasi ndi kabaza zinatilanda maulendo apansi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse anali olemera kupitirira muyeso, pamene mu 1992 anali 10 okha. Mawu akuti shuga ndi BP, amene kale tinkawamva kwa mabwana okha, lero amatchulidwa pa maliro a kumudzi.

Mng'ono wanga ndi namwino ku Manchester. Zaka zogwira ntchito usiku, kudya chilichonse chopezeka msanga, ndi nyengo yozizira yosalola munthu kuyenda, zinamusiya ndi thupi limene mawondo ake anayamba kulikana. Shuga inamupeza asanafike zaka 40. Kumeneko a zipatala za boma (NHS) amaganizira za opaleshoni yochepetsa chifu munthu akafika BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) ya 40, kapena 35 ngati alinso ndi matenda monga shuga, ndipo munthuyo amadutsa kaye kwa akatswiri a zakudya ndi a maganizo. Iye anachitidwa imene amati sleeve gastrectomy: madokotala amachotsa pafupifupi magawo anayi mwa asanu a chifu, n'kusiya kachubu kopapatiza. Mbali imene amachotsayo ndi imenenso imapanga ghrelin wambiri, homoni yodzutsa njala. Choncho munthu amakhuta msanga, ndipo kwa miyezi ingapo njala yeniyeniyo imazilala.

Atandiuza pafoni ndinachita mantha, ndipo mantha anga anali a 1995. Kuonda mwadala, mpaka kulolera mpeni, kunali chinthu chimene mutu wanga unkachikana.

Masabata oyamba pambuyo pa opaleshoniyo ankangomwa zamadzimadzi, kenako zophwanyaphwanya ngati za khanda. Makilogalamu ankachoka tsiku ndi tsiku. Ndiye cha m'sabata yachitatu sikelo inaima. Anandiimbira akulira, iye namwino wodziwa bwino kuti zimenezi zimachitikira ambiri. "Achemwali, ndadula chifu pachabe," anatero. Chimene chimachitika n'chakuti kutsika kofulumira kwa poyambako mbali yaikulu ndi madzi. Thupi likamagwiritsa ntchito shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, madzi amene anasungidwa naye amatuluka. Kenako limayamba kubwezeretsa madziwo pamene mafuta akupitiriza kusungunuka, ndipo ziwirizi zimafafanizana pa sikelo. Patapita nthawi pang'ono muvi unayambanso kutsika.

Kuima kwachiwiri, chaka chitayandikira kutha, n'kumene kunali kovuta, chifukwa kunatenga miyezi. Apa nkhani yake ndi ina. Thupi laling'ono limafuna mphamvu zochepa kusiyana ndi lalikulu, komanso thupi likaona kuti chakudya chachepa limachita ngati banja la nzeru m'chaka cha njala: limachepetsa muyeso wa ufa kuti nkhokwe ifike patali. Njala nayo imabwerera pang'onopang'ono. Ambiri amafika pothera pakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, atataya pafupifupi gawo limodzi mwa anayi la kulemera kwawo kapena kuposerapo pang'ono, ndipo m'zaka zotsatira makilogalamu ena amabwerera. Mng'ono wanga ankayembekezera thupi la ku sekondale. Silinabwere.

Chimene chinamuthandiza sichinali sikelo. M'miyezi imene nambala sinkasuntha, yunifolomu inapitiriza kukhwepa, mphete inayamba kuvuka yokha, nsapato zinakula. Anali atayamba kuyenda mtunda ndi kunyamula zitsulo, ndipo mnofu wolimba umatenga malo ochepa kusiyana ndi mafuta olemera chimodzimodzi. Panalinso zina zimene palibe amazijambula: tsitsi linathothoka kwa miyezi ingapo, khungu la m'mikono ndi pamimba linatsala lolendewera, ankazizidwa ngakhale m'nyumba yofunda, ndipo mpando wolimba unayamba kumupweteka. Kusitolo manja ake ankapitabe ku zovala zazikulu, maso asanavomereze kuti mwini wake wasintha.

Atabwera kudzacheza, thupi limodzi lomwelo linawerengedwa pawiri m'nyumba imodzi. Atsikana a m'banja mwathu, amene anabadwa ma ARV alipo kale, anamuzungulira ndi mafoni: "Anti, mwatchenatu! Tiuzeni chinsinsi." Azakhali anandikokera kuseri kwa khitchini. "Mwanayu akudwala chiyani? Musatibisire, ife tinaona zambiri." Ndinafotokoza za chifu, iwo n'kumangogwedeza mutu mwachisoni, monga mmene tinkachitira kale wina akanena kuti ndi malungo chabe.

Povuta penipeni panali pa mphasa. Kwathu kukana chakudya n'kukana munthu, ndipo iye sankatha ngakhale theka la mtanda wa nsima. Malangizo ake ndi oti ayambe ndiwo zomanga thupi, nsima pambuyo ngati malo atsala, ndiponso asamwe madzi pakudya. Kwa amayi, amene anatilera ndi lamulo loti ndiwo n'zongodyera nsima, zimenezi zinali zozondoka. Anakhumudwa masiku angapo. Kenako, osanena kanthu, anayamba kumupakulira usipa, mazira ndi nyemba m'kambale kakang'ono, nsima n'kumangomutsinira. Pa zonse zimene ndaona m'nkhaniyi, chimenecho ndimachilemekeza koposa, chifukwa ndikudziwa zimene amayi anayenera kugonjetsa mumtima mwawo.

Lero mng'ono wanga akadali wathupi, ndipo makilogalamu angapo anabwerera. Adzamwa mavitamini, ayironi ndi kashiamu moyo wake wonse, amabayitsa jakisoni wa B12 pa miyezi itatu iliyonse, ndipo magazi amayezetsa chaka ndi chaka. Mankhwala a shuga anamusiyitsa, ngakhale madokotala anamuchenjeza kuti matendawa akhoza kudzabwerera. Amakwera masitepe a kuwodi osaima.

Azakhali aja chaka chino anawapeza ndi BP, ndipo kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere ndi thupi. Mchere achepetsa. Za thupi akukana. Akuti anakwirira ana awiri oonda, ndipo safuna kuti anthu a kumpingo ayambe kuwayang'ana ndi maso aja. Ine ndimawaperekeza kukatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, ndipo nkhaniyi timakanganabe m'njira.