Kuchoka m'Chidikha cha Kasungu Kukaona Mathithi a Manchewe

Ife a ku Kasungu tinazolowera dziko lathyathyathya. Ukaima pamsewu wa M1, maso amayenda kutali modutsa minda ya fodya ndi zigafa mpaka kukagunda phiri la Kasungu. Madzi kwathu amayenda mwaulesi m'madambo, ndipo pofika Okutobala timitsinje tambiri timakhala tasanduka mchenga. Nchifukwa chake ana athu ambiri mawu oti mathithi amangowamva m'kalasi. Tinaganiza zoti banja lonse likaone ndi maso ku Livingstonia, m'boma la Rumphi.

Ulendowu ndi wa tsiku lathunthu. Kuchoka ku Kasungu kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 200, kudzera pa Jenda ndi ku Chikangawa, kumene nkhungu imatha kutseka msewu masana dzuwa lili pamutu. Tinapitirira mpaka kutsika chitunda cha Chiweta, nyanja ikuwala kumunsi, nkukafika pa Chitimba. Apa ndi pamene pamayambira msewu wa Gorodi, wokwera phiri mokhotakhota ngati njoka, wa makona 20. Mvula ikagwa msewuwu umafuna galimoto yamphamvu ndi dalaivala wofatsa. Amene akufuna msewu wosatsetsereka kwambiri angathe kudzera ku Njakwa, kufupi ndi Rumphi.

Mathithi a Manchewe ali pafupi ndi Livingstonia, mtunda woti munthu nkuyenda wapansi. Phokoso lake mumayamba kulimva musanawaone. Madzi amagwa kuchokera pamwamba pafupifupi mamita 125, nkukathera m'chigwa chodzaza ndi mitengo yobiriwira. Tsiku limene tinafika kunkawaza mvula yamawawa, ndipo nthunzi ya mathithi inkasakanikirana ndi nkhungu moti sitinkadziwa kuti chikutinyowetsa ndi chiti.

Mnyamata wa m'mudzi wapafupi anatilonjera kuti "Monire," nkutitsogolera pa kanjira koterera kopita kuphanga limene lili kuseri kwa madziwo. M'phangamo ndi mozizira, ndipo madzi amatsika kutsogolo kwanu ngati chinsalu chotchinga pakhomo. Anthu a kuderali, Aphoka, amasimba kuti makolo awo ankabisala m'menemu pothawa nkhondo ndi ogwira akapolo. Tinakhala chete kwakanthawi. Mayi wobereka mwana kumbuyo ankatsika bwanji pamiyala imeneyi usiku? Ubwino wa malowo unali woti phokoso la madzi linkabisa kulira kwa khanda. Ana athu, amene mbiri ya ukapolo ankaiona ngati nkhani ya mayeso, anatuluka m'phangamo ali ndi mafunso ambirimbiri.

Livingstonia yeniyeniyo inakwera phiri chifukwa cha udzudzu. Amishoni a ku Scotland anayamba ntchito yawo ku Cape Maclear mu 1875, nkusamukira ku Bandawe mu 1881, koma malungo ankawatha konsekonse. Mu 1894 Dr Robert Laws anasankha malo okwera a Khondowe, kumene kuli mphepo yozizira. Nyumba yake yamiyala, Stone House, lero ndi yosungiramo zinthu zakale, ndipo m'tchalitchi muli zenera lagalasi lamitundumitundu losonyeza David Livingstone. Chipatala cha David Gordon Memorial chikugwirabe ntchito. Ife a ku Kasungu sitili alendo kwenikweni kumeneku, pakuti sukulu zoyambirira za mishoni kwathu zinali m'manja mwa Livingstonia yomweyi.

Chimene chinatikhala kwambiri pamtima ndi madzi. Mathithiwa saphwa ngakhale m'chilimwe. Chifukwa chake chili kumtunda: mitengo ndi udzu zimagwira mvula, nthaka imamwa pang'onopang'ono, kenaka nkumatulutsa madziwo mwa apo ndi apo chaka chonse. Kwathu mvula imagwa pa nthaka yopanda chofunda, nkuthamanga tsiku limodzi kukalowa mu Bua kapena Dwangwa itanyamula dothi lachonde. Mitengo yathu yambiri inapita ku milimo ya zigafa, ku mabani owotchera fodya ndi ku makala. Amene amalipira ngongole imeneyi ndi amayi ndi atsikana amene amalawirira kumjigo kusanache. Kasungu sadzakhala ndi mathithi, koma dambo lililonse likhoza kukhala ndi mibawa ndi mikuyu m'mbali mwake ngati tiyamba kubzala mvula ikubwerayi.

Kwa mabanja ofuna kupitako, nawa malangizo ochepa. Valani nsapato zogwira pansi, osati masilipasi, chifukwa miyala yake ndi yandere. Ana agwireni padzanja, ndipo pamwamba pa mathithi musayandikire m'mphepete pofuna chithunzi. Tengani wokutsogolerani wa m'deralo ndipo mulipireni mosamunyengerera, poti ndiyo ntchito yake. Nyamulani juzi, chofunda cha mvula, madzi akumwa owiritsa, nthochi ndi mtedza. Ngati mugona kunyanja, pa Chitimba, musaiwale neti, pakuti udzudzu umene unathamangitsa amishoni aja sunasamuke. Achikulire ndi odwala mtima akhoza kuonera mathithi ali pamwamba, osatsikira kuphanga.

Ndalama ya ulendo wotere imasonkhanitsidwa pang'onopang'ono, mabanja awiri kapena atatu nkubwereka minibasi imodzi. Miyezi ya Meyi ndi Juni ndiyo yabwino: madzi amakhala adakali ambiri, misewu itayamba kuuma, ndipo kumunda ntchito imakhala itapepuka.