Kubisa munthu pa kanema: za ku Joni ndi za pabwalo kwathu

Abale anga a ku Tsangano ndi ku Macanga, makamaka inu achinyamata amene mwayamba kujambula masewero pa foni n'kumaika pa Facebook ndi TikTok, ntchito zanu zikutifika kuno ku Johannesburg. Luso muli nalo, palibe wotsutsa. Dandaulo langa ndi limodzi: munthu wachinsinsi m'masewero anu amadziulula msanga. Akangolowa wavala magalasi akuda, akuseka moopseza, kenako n'kuyamba kuuza kamera chiwembu chake chonse. Ndiye mawa tibwererenso kudzaonera chiyani?

Ine kuno ndimasita ndi kusunga zovala za ochita masewero a pa TV, choncho ndimaona mmene amakonzekerera. Wopatsidwa mbali ya munthu wosamvetseka amayamba ndi zimene sizinalembedwe. Amadzipangira mbiri ya munthuyo: anakulira kuti, anamulakwira ndani, akuopa chiyani. Mbiriyo sauza oonera, nthawi zina ngakhale anzake osewera nawo. Njira imeneyi mizu yake ili kwa Konstantin Stanislavski wa ku Russia, amene anamwalira mu 1938, ndipo m'sukulu za zisudzo amaiphunzitsabe. Kenako wosewerayo amasankha tizizolowezi tiwiri kapena titatu, monga kuchedwa kuyankha, kutsitsa mawu pamene ena akukuwa, kapena kusisita mphete asananene bodza. Kamera imafika pafupi kwambiri ndi nkhope, ndiye kuphethira kamodzi kumakwanira. Zigawo sazijambula motsatana, mwina za Lachisanu zimayamba za Lolemba zisanachitike, choncho wosewerayo amalemba m'kabuku zimene munthu wake akudziwa pa tsiku lililonse. Ife a zovala timauzidwa mtundu wa jekete womwe usasinthidwe, chifukwa nawo ukunyamula uthenga.

Amene munaonerapo Generations pa SABC1 mukumukumbukira Jack Mabaso, yemwe ankaseweredwa ndi Vusi Kunene. Mphamvu yake inali pa kudekha. Akamwetulira sunkadziwa ngati wakhululuka kapena wakonza kale manda.

Tsopano tiyeni kwathu. Masewero amene tinakula nawo m'malire mwathu ndi a ku Malawi: Izeki ndi Jakobo, komanso Tikuferanji ndi Manganya wake, Michael Usi uja amene mu 2024 anakhala wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo. Amenewa cholinga chawo chinali kuseketsa ndi kuphunzitsa, ndiye uthenga ankaunena poyera kuti aliyense apite nawo kunyumba. Manovela a ku Brazil nawonso amatiuziratu woipa ndani. Palibe cholakwika pamenepo, koma si sukulu ya chinsinsi.

Sukulu ya chinsinsi tili nayo pabwalo. Ndikunena mwaulemu, ndipo za kudambwe ndizisiya kudambwe komweko. Ndikamba zokhazo zimene aliyense woimirira pabwalo ku Furancungo amaona ndi maso. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, amadziwa kubisa kuposa situdiyo iliyonse. Chilombo sichidzitchula dzina. Ng'oma zimayamba kale chisanaoneke, amayi akuimba, ana akusuzumira kutchire, ndipo mantha amafika patsogolo pa mwini wake. Chadzunda amalowa akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma ng'oma ya mbalule ikamuyankha miyendo imasanduka ya mnyamata, wosakuuza mphamvuzo wazitenga kuti. Simoni ndi nkhope yake yofiira amatiseketsa za mlendo wosadziwa mwambo popanda kulalikira. Kasiyamaliro akafika pamaliro, palibe amene amafunsa tanthauzo mokweza. Nkhope ya chilombo siisintha, choncho zonse zimanenedwa ndi mayendedwe, fumbi, liwu lachilendo ndi nyimbo yokuluwika.

Kusiyana kwakukulu nakhu. Ku Joni chinsinsi chimasungidwa ndi kontirakiti. Wosewera amasayina kuti saulula nkhani, koma Loweruka umamupeza mu magazini akufotokoza mmene anamangira munthu wake, ndipo aliyense amadziwa nkhope yake yeniyeni. Kwathu chinsinsi amachisenza ndi mudzi wonse: oimba ng'oma, amayi a nyimbo, akuluakulu a mzinda, ngakhale oonera amene amadziwa zoyenera kusafunsa. Mutu umodzi susenza denga. Osewera aluso kunonso amavomereza mbali ina ya zimenezi: munthu amaopsa chifukwa cha mmene anzake m'chipindamo asinthira iye akalowa.

Sindikuti mutenge zilombo mukaziike m'masewero a pa TikTok, ayi ndithu. Zimenezo zili ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo anzathu a Chingoni ku Tsangano ali ndi ngoma yawo ya miyambo yakeyake. Tengani nzeru yokha. Munthu wanu wachinsinsi azitchulidwa ndi ena asanaoneke. Mudulireni mawu, theka lonse. Mupatseni kayendedwe kake komwe mwana angakatsanzire pamsika. Ndipo inu amene mumasewera mkazi wake kapena mnansi wake, ntchito yaikulu ndi yanu: akalowa, siyani kutafuna. Mukajambula gawo lotsatira motere mundiikire pansipa, ndidzakuuzani mosabisa ngati landigwira.