Mabalani wa m'foni ya amalume

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anasiya kuona zaka 7 zapitazo. Nthenda ya shuga inawadya maso pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kunada osachanso. Anabadwira m'komboni ya mgodi wa golide ku Kwekwe, kumene bambo awo, ochokera ku Dedza, ankagwira ntchito pansi pa nthaka, koma uchikulire wawo wonse authera ku Gokwe pa ulimi wa thonje. Kwathu kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba, ndipo khungu silinawalande udindowo. Ukwati, mlandu, matenda, maliro, zonse zimayamba zafika kwa iwo. Masiku ano zimafika kudzera pafoni.

Chimene chimawathandiza ndi pulogalamu yowerenga mokweza chilichonse chimene chili pagalasi la foni. Pa Android imatchedwa TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver, ndipo pakompyuta ambiri amadalira NVDA, yaulere, imene Michael Curran, munthu wosaona wa ku Australia, anayambitsa mu 2006. Amalume mayina onsewa alibe nawo ntchito. Iwo amangoti "mabalani". Liwuli ndi la Chilapalapa cha m'migodi, ndipo limatanthauza kalaliki uja ankalemba mayina a antchito ndi kuwerengera anthu osadziwa kuwerenga makalata ochokera kumudzi. Amati mabalani wabwino ankawerenga kalata yako motsitsa mawu, akamaliza n'kutseka pakamwa.

Usiku wina wa mwezi wa Okutobala, m'nyengo ija Gokwe amatentha mpaka munthu kugona pakhonde, foni inadzilowetsera yokha mapulogalamu atsopano, chimene tonse timangoti update. Kutacha, mabalani anali atasanduka mlongolola. Ankanena kuti malo osungira zinthu atsala pang'ono kudzaza. Ankawauza kuti amalize kukonza foni imene anamaliza kukonza kalekale. Ankatsatsa masewera, nyimbo ndi mabando a intaneti. Magetsi akathima ankalengeza, akayaka ankalengezanso. Netiweki ikatayika n'kubwerera, iye sankalephera kuchitira umboni. Zonsezi ankazinena ngakhale galasi litazima, foni ili m'thumba, pakati pa usiku.

Ife openya sitimvetsa msanga kukula kwa vutoli. Kachizindikiro kakatulukira pamwamba pa galasi timangokaponyera diso n'kupitiriza zathu. Diso limasankha, ndipo lili ndi chikope. Khutu lilibe. Komanso mawu amayenda pamzere umodzi: liwu lina likalowa, linzake limadukira panjira. Amalume akamamvetsera uthenga wochokera kwa mwana wawo ku Johannesburg, malonda ankalowerera pakati, ndipo ankayenera kufufuzanso ndi chala pamene analekezera. Choipitsitsa chinachitika pa sitolo ina ku Gokwe Centre. Mdzukulu anawatumizira ndalama za mankhwala, foni n'kulengeza kuchuluka kwake pamaso pa anthu onse amene anali pamzere. Atafika kunyumba anaizimitsa, naiponya m'sutikesi.

Inakhalamo masiku atatu. M'masiku omwewo mnzawo wa paubwana, amene anakulira naye m'komboni, anamwalira ku Torwood ku Redcliff. A bungwe la maliro, limene makolo athu ochokera ku Malawi anakhazikitsa kuti aziikana mwaulemu kudziko la eni, anaimba kangapo osawapeza. Uthenga unawafika pakamwa, mnzawoyo ataikidwa kale. Mayi atandiimbira kuti amalume sakudya, ndinakwera kombi m'mawa mwake.

Ndinafika ndi matama a munthu wa kuyunivesite. Ndinalanda foni m'manja mwawo, ndipo sindinathe ngakhale kuitsegula, chifukwa pulogalamu yowerenga ikamagwira ntchito, kukhudza kamodzi kumangotchula chinthu, ndipo kuti chitseguke umagogoda kawiri. Ndinati ndiyambe ndamuzimitsa mabalaniyo kuti ndikonze bwino.

"Iwe," anatero amalume, "ukamuzimitsa n'kukonza ndi maso ako, mawa ukapita ine ndidzatani? Bweretsa kuno. Iwe uzinena, ine ndizigogoda."

"Pepani amalume," ndinayankha, n'kuwabwezera.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Choyamba chinali kudziwa amene akusokosa, pakuti mabalani amangonena zimene ena amupatsa. Kuyambira pa Android 11, ya mu 2020, foni imatha kusunga mbiri ya zidziwitso za maola 24 apitawo, ngati mwini wake wayatsa mbali imeneyo. Tinaiyatsa, n'kudikira. Pofika masana mndandanda unaonetsa kuti phokoso lochuluka linkachokera ku timapulogalamu titatu timene amalume sanatiitane, ndi ku zikumbutso za foniyo payokha.

Apa m'pamene maphunziro anga a zilankhulo anagwirako ntchito, koma mwa njira imene sindinaiyembekezere. Foni imaunjika zonsezi pansi pa liwu limodzi lachingerezi, notification. Amalume anafunsa kuti liwulo m'Chichewa ndi chiyani, ndipo ndinapeza kuti si liwu limodzi. Pali kuchenjeza, monga batire likatsala pang'ono kutha. Pali kudziwitsa, monga uthenga wa munthu ukafika. Pali kukumbutsa, monga nthawi ya jakisoni wa shuga ikakwana. Ndiye pali kutsatsa, kumene kumangobvala malaya a kudziwitsa. Tinagwirizana kuti liwu lililonse likatuluka tizilifunsa kuti: kodi ukuchenjeza, ukudziwitsa, ukukumbutsa, kapena ukutsatsa?

Mwamwayi, kuyambira pa Android 8, ya mu 2017, pulogalamu iliyonse imagawa zidziwitso zake m'magulu, ndipo munthu angathe kutseka gulu limodzi n'kusiya ena. Ukagogoda kawiri pa chidziwitso osachotsa chala, foni imakufikitsa pamene ungachitontholetse. Otsatsa onse tinawatsekera kunja. Zikumbutso zosafunika tinaziika m'gulu lachete, kuti amalume azizipeza akazifuna okha. Machenjezo enieni tinawasiya. Za malo osungira zinthu zinali zoona ndithu, ndiye tinafufuta mavidiyo mazanamazana a m'magulu a WhatsApp amene iwo sanawaonepo n'kamodzi komwe, ndi kuletsa kuti asamadzitsitse okha. M'makonzedwe a pulogalamu yowerenga tinazimitsa zolankhula galasi likazima, tinabisanso mawu a uthenga foni ikakhala yokiya, kuti za ndalama zisamvekenso pamzere. Pomaliza tinakonza kuti usiku foni izikhala chete, kupatula mayina amene iwo anasankha, komanso aliyense amene waimba kawiri m'mphindi 15. Lamulo lomalizali analikonda kwambiri. Anati wa uthenga wa maliro saimba kamodzi.

Phokoso linatha, koma chete uja anandimvetsa vuto lina limene silikonzeka ndi kugogoda. Pa mndandanda wa mawu amene foni yawo ingalankhule, Chichewa panalibe. Choncho uthenga wathu umawerengedwa ndi lilime lachingerezi. Phiri amasanduka Firi, chifukwa Chingerezi chimatenga ph ngati f, pamene ife h ameneyo timamulemba posonyeza kampweya kotsatira p. Thonje limatuluka ndi lilime lili pakati pa mano. Ng'ombe imathyoka pakati pomwe pali kachizindikiro kaja. Abale a ku Chipata akalemba cabwino, monga mwa kalembedwe ka ku Zambia, amalume amamva kabwino. Ndipo kukweza ndi kutsitsa kwa mawu, kumene sitikulemba n'komwe, kumasoweratu. Mtengo wa mango ndi mtengo wa thonje pamsika timazilemba mofanana, koma khutu la Mchewa limazisiyanitsa. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Ndinawauza amalume chitsanzo chachiwirichi monga ndinachiphunzirira m'kalasi, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati awiri onsewo ali nawo, ndiye mabalani anene mmene angafunire.

Amalume anazolowera Chichewa chopindikachi mofanana ndi mmene makolo awo anazolowerera kumva mayina awo akupotozedwa pa tsiku la malipiro. Koma kuzolowera si kuvomereza. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'gawo 6, ndipo pamndandandapo Chewa ndiye woyamba. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, Chishona chisanalowe. Tili ndi malamulo a kalembedwe kuyambira mu 1973, tili ndi mtanthauziramawu, tili ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Kuti makina alankhule chilankhulo, pamafunika anthu ojambula mawu awo kwa maola ambiri, mawu olembedwa mosamala, ndi akatswiri osonyeza pamene liwu limakwera ndi pamene limatsika. Imeneyo ndi ntchito yathu, ife amene timatha maola tikukangana ngati tizilemba Chichewa, Cicewa kapena Chinyanja. Mkanganowo ndimaukonda nanenso. Koma pansi pa mtengo wa mango uja ndinaona kuti kwa munthu wosaona kalembedwe si nkhani ya ulemu wa mtundu chabe. Ndi nkhani ya kumva kapena kusamva kuti mnzako wamwalira.

Pakadali pano pali zing'onozing'ono zimene aliyense angachite. Ngati muli ndi mbale wosaona, mutumizireni uthenga wa mawu m'malo molemba. Chilengezo cha maliro musachitumize ngati chithunzi chokha, chifukwa zolembedwa pachithunzi kawirikawiri siziwerengeka. Lembani dzina, malo ndi tsiku pansi pake. Chepetsani tizithunzi ta nkhope zolira, pakuti foni imatitchula dzina, ndipo munthu amamva za misozi asanamve amene wamwalira. Ndipo foni yake ikasokonekera, musamulande. Khalani pambali, muzinena, iye azigogoda.

Patapita sabata ziwiri ndinawaperekeza amalume ku Torwood kukapepesa maliro. Kumanda anagwada, nasisita dothi la mtumbira ndi manja onse awiri, ndipo analankhula ndi mnzawoyo nthawi yaitali m'Chichewa chosakanikirana ndi Chishona, chilankhulo cha ana a m'komboni. Foni inali m'thumba la jekete, yoyaka, ndipo sinanene kanthu.

Inu a ku Lilongwe, ku Katete, ku Angónia ndi ku Lichinga, pulogalamu yowerengayi mumaitcha chiyani kwanuko? Mabalani ndi liwu la m'migodi, ndipo ana a lero salidziwa. Ndikufuna ndikawauze amalume mayina ena, asankhepo okha.