Mphepo ndi Madzi a ku Dar es Salaam

Anzanga a m'migodi, inu amene mutsika pansi tsiku ndi tsiku mudziwa bwino kuti moyo wa munthu kumeneko uli pa zinthu ziwiri: mphepo ilowe, madzi atuluke. Makina a mphepo akaima, kapena mapampu akaleka kukoka madzi, ngakhale kapitao waukali sanganene kuti ntchito ipitirire. Tsono sabata ino ndifuna kukusimbirani za mzinda wa Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, umene ndinauona pa tchuthi changa, pakuti nawonso nkhani yake yagona pa mphepo ndi madzi.

Malo abwino oyambira kuona mzindawu ndi pa Magogoni, pokwerera pantoni yopita ku Kigamboni. Apa ndiye pakamwa pa doko, ndipo mpopapatiza kwambiri, mwakuti uli tsidya lino uona anthu akuyenda tsidya linalo. Sitima yaikulu ikamalowa, munthu uganiza kuti ikhula m'mbali. Koma ikangolowa, madzi atambasuka ndi kukhota ngati mimba ya chipanda, ndipo m'katimo muli bata ngakhale kunja nyanja itakalipa. Mphepo za kuno zili ziwiri zazikulu. Ya kumpoto aitcha kaskazi, ndipo iwomba m'miyezi ya December mpaka March. Ya kumwera aitcha kusi, ndiyo mbale wake wa mwera umene ugubuduza mabwato ku Nkhotakota. Doko ili libisala kwa zonse ziwiri.

Sultan Majid wa ku Zanzibar ndiye anaona ubwino umenewu. Cha m'ma 1865 anayamba kumanga mzinda pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima, naupatsa dzina la Chiarabu lotanthauza nyumba ya mtendere. Iye anamwalira mu 1870 ntchito isanathe, ndipo nyumba zake zinayamba kugumuka. Koma mu 1891 Ajeremani anasamutsa likulu lawo kuchoka ku Bagamoyo kudza kuno, chifukwa ku Bagamoyo gombe ndi losaya ndiponso lapambalambanda, sitima za moto ziima kutali.

Ku Kariakoo, kumene kuli msika waukulu, ndinacheza ndi Mtchaina wina wogulitsa maloko ndi mahinjesi. Iye anandiuza kuti kwawo kuli nzeru yakale yosankhira malo, dzina lake feng shui, ndipo mawu awiriwa atanthauza mphepo ndi madzi basi. Nyumba yabwino, ati, ikhale ndi phiri kumbuyo lotchinga mphepo yoipa, kutsogolo kukhale madzi, koma madziwo akhale okhota ndi oyenda pang'onopang'ono, osati othamanga molunjika, chifukwa othamanga atenga mwayi ndi kupita nawo. Kwawoko khomo liyang'ana kumwera, kumene kuli dzuwa, pakuti chisanu chichokera kumpoto. Akatswiri ake ayenda ndi kampasi yolembedwa mizere yambiri, ndipo asankhira malo amoyo ndi akufa omwe. Atchaina si alendo a dzulo mumzinda muno. Ndiwo anathandiza kumanga njanji ya TAZARA kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kukafika ku Kapiri Mposhi, ndipo ena amene anafera pa ntchitoyo agona ku manda a ku Gongo la Mboto, kutali ndi kwawo, monganso anzathu ambiri agona ku Joni.

Ndinamfunsa kuti, "Nanga bambo, Dar es Salaam muuona bwanji?" Iye anaseka nati, "Phiri lilipo, madzi okhota alipo. Amene anasankha malowa anali ndi maso." Phiri limene ananena ndi mapiri a Pugu, kumadzulo kwa mzinda. Za mwayi wotengedwa ndi madzi ine sindizikhulupirira, pakuti kusukulu ya mishoni sanatiphunzitse zotere. Koma zina zonsezo agogo athu anazidziwa popanda kampasi. Ndani anamanga nyumba m'dambo? Ndani analozetsa khomo kumene kuchokera mwera?

Alimi a mphesa a ku Ulaya atsatanso lamulo lomweli, ngakhale salitchula ndi dzina la Chitchaina. M'mahotela a ku Oyster Bay agulitsa vinyo wa thovu wotchedwa Champagne, amene botolo lake liphulika potsegula. Dzinali ndi la dera lina la ku France, kummawa kwa Paris. Kumeneko kuzizira kwambiri, choncho mphesa azibzala pa zitunda, kawirikawiri zoyang'ana kumwera ndi kummawa, kuti zilandire dzuwa, ndi kuti mphepo yozizira itsikire kuchigwa osakhazikika m'munda. Pamwamba pa zitunda pali nkhalango, kunsi kuyenda mtsinje wa Marne. Pansi pa dothi pali choko, chonga chija mphunzitsi alembera pa bolodi. Mvula ikachuluka choko chimeza madzi kuti mizu isavunde, ndipo chilimwe chikafika chiwabwezera ku mizu pang'onopang'ono.

Chimene chingakukondweretseni inu ndi ichi: vinyo ameneyu akhwimira mu mgodi. Pansi pa mzinda wa Reims pali maenje amene anthu akale anakumba pofuna miyala yomangira, ena akuya mapazi 100, ndipo ku Épernay pansi pa msewu umodzi wokha pali ngalande zopitirira makilomita 100. M'menemo simutentha, simuzizira, chaka chonse chimodzimodzi. Vinyo amthira m'botolo pamodzi ndi shuga ndi isiti, natseka, ndipo awiranso kachiwiri m'botolo momwemo. Mpweya usowa potulukira, ndiye thovu lija. Mu 2015 bungwe la UNESCO linalemba zitunda ndi ngalande zimenezi m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse. Taganizani, mgodi wopanda golide, koma anthu alipira ndalama kuti akauone!

Ku Pugu nakonso kuli dothi loyera lotchedwa kaolin, limene anthu anakumba kale, koma mphesa za vinyo sizikondwa ndi chinyezi cha kugombe. Vinyo wa Tanzania achokera ku Dodoma, kumtunda kouma, kumene ansembe a mishoni anabweretsa mitengo yake, ndipo akolola kawiri pa chaka. Chakumwa cha thovu cha kugombe kuno ndi uchema wa kokonati, umene eni ake autcha tembo. Munthu akwera mtengo, adula nsonga ya duwa, namangirirapo chipanda. Madzi ake awira okha. Mmawa ali otsekemera ndi a thovu, madzulo ayamba kuwawasa. Anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje sangafunse zambiri.

Tsono mungaganize kuti mzinda wokhala pa malo abwino chotere anthu ake onse akondwa. Iyayi. Mphepo ya kunyanja siikwanira onse, ndipo amene anali ndi mphamvu ndiwo anaigawa. Ajeremani anayamba, Angelezi amene analanda mzindawu mu 1916 anatsiriza: anaudula zigawo zitatu. Azungu anatenga mbali ya kunyanja, kumene kuli misewu yotakata ya mitengo ndi munda wa maluwa, ndipo mphepo ilowa pa khonde madzulo alionse. Amwenye anakhala pakati, pa masitolo. Anthu akuda anawakankhira kumbuyo, ku Kariakoo, dzina limene lichokera ku Carrier Corps, ndiwo amtengatenga a nkhondo ya 1914. Pakati pa Amwenye ndi anthu akuda anasiya bwalo lopanda nyumba, lotchedwa Mnazi Mmoja, ndiko kuti mtengo umodzi wa kokonati, poti matenda asawoloke. Eni mzinda anatcha zigawozi Uzunguni, Uhindini ndi Uswahilini. Ufulu unadza mu 1961 ndipo malamulo aja anatha, koma ine ndinayenda wapansi kuchokera ku Ocean Road mpaka ku Kariakoo masana, ndipo malaya anga anandiuza pamene mphepo ithera. Lero chigawa mphepo ndi ndalama ya lendi.

Madzi nawo ali ndi mbali yawo. Mtsinje wa Msimbazi uchokera ku mapiri a Pugu omwe aja, nudutsa pakati pa mzinda kukathira m'nyanja pa mlatho wa Selander. Chigwa chake pa Jangwani ndi dambo lenileni. Mu December 2011 kunagwa mvula yoopsa, madzi anamiza nyumba mpaka kudenga, anthu ambiri anafa, ndipo Boma linasamutsira mabanja ena ku Mabwepande, kunja kwa mzinda chakumpoto. Ena mwa iwo anabwerera.

M'chigwa chimenechi ndinakumana ndi bambo wina wa kwathu, wa ku Nkhata Bay, amene agwira ntchito yonyamula katundu pa msika. Anthu a kwathu kuno awatcha Wanyasa, ndipo alipo kuyambira kalekale. Nyumba imene achita lendi ili ndi kakhoma kofika m'mawondo pakhomo, kotero kuti polowa uyamba wakwera kenaka nkutsika, ndipo bedi lili pamwamba pa njerwa. Pa khoma paoneka mzere wa matope pamene madzi anafika. Ndinati, "Achimwene, simuona kuti pano mpadambo?" Iwo anati, "Mphwanga, ndine mwana wa kunyanja, madzi ndiwadziwa kuposa iwe. Koma kuchokera pano ndifika pa msika ndi miyendo, osalipira basi, ndipo lendi ndi theka la ya kumtunda. Mitambo ikada ku Pugu, ana ndiwatumiza kwa mlamu wanga ku Magomeni, ine nditsala kulonda katundu."