Jakisoni wa pa ntchafu

Ntchito yanga ndi yolondolera alendo m'phiri la Mulanje. Tisananyamuke pa Likhubula ndimafunsa aliyense ngati pali chimene thupi lake limadana nacho, kaya njuchi kaya mtedza. Wina akavomera, ndimati andionetse EpiPen yake, yomwe ndi jakisoni wa adrenaline, komanso thumba lomwe waisungamo. Ndimaona deti, kenako kawindo ka pambali. Mankhwala a adrenaline azioneka mbee ngati madzi. Akachita bii ndiye kuti awonongeka.

Tsiku lina tikukwera cha ku Chambe, njuchi inaluma mayi wina pakhosi. Posakhalitsa milomo inatupa, zidzolo thupi lonse, mpweya ukulira ngati mluzu. Amuna awo anali atagwira EpiPen ija manja akunjenjemera, akuti tidikire kaye mwina zitsika. Kudikirako ndi kumene ndimakuopa kuposa singano. Ndinati, "Bambo, ndipatseni."

Chidachi umachifumbata ngati mpini wa khasu, chala chachikulu osachiika kumapeto, chifukwa ukachigwira chozondoka singano imalowa m'chala chako, wodwala n'kutsala wopanda kanthu. Ndinazula kachivindikiro kabuluu. Mbali ya olenji ndinaitsamiza kunja kwa ntchafu, pamwamba pa buluku pomwepo, nditapapasa kaye kuti m'thumba mulibe foni kapena makiyi. Ndinakankha mpaka kumva kuti thi, n'kugwira osasuntha, ndikuwerenga mokweza kuti bambo aja amve kuti pali chimene chikuchitika. Mlingo wa munthu wamkulu, 0.3 mg, unalowa. Nthawi ndinailemba ndi bolopeni padzanja la mayiwo.

Mpweya utayamba kutseguka anafuna kudzuka kuti aziyenda. Ndinakana. Munthu wotere magazi amakhala akuyenda mofooka, ndipo kumuimiritsa msanga kungamugwetse osadzukanso. Tinawagoneka chagada, miyendo titaikweza pa chikwama. EpiPen yachiwiri ndinaigwira m'manja, poti pakadutsa mphindi 5 zinthu osasintha umabayanso, ndipo kutupa kumatha kubwerera ngakhale munthu ataoneka kuti wachira.

Anyamata onyamula katundu anamanga machira ndi mitengo iwiri ndi bulangete. Tinatsika pang'onopang'ono, ine ndili pambali khutu lili pa mpweya wa mayiwo, mpaka kumunsi komwe galimoto inkatidikira. Kuchipatala ndinapereka kwa anamwino EpiPen yogwiritsa kale ija, n'kuwaonetsa dzanja lomwe ndinalembapo nthawi.