Kope la Wojambula wa ku Thyolo

Ife a kunyanja mphepo timaidziwa. Mwera ukayamba kuwomba timakokera mabwato kumtunda, n'kudikira kuti nyanja ikhale bata. Koma namondwe wa Freddy, amene anagwa m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, sanali wodikirika chotero. Anayambira kufupi ndi Australia, nawoloka nyanja yamchere ya India, nakantha Madagascar, kenako Mozambique kawiri, asanakhuthulire mvula yake pa mapiri athu. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno, ndipo oposa 600,000 anathawa m'nyumba zawo. Mwezi wa Ramazani unatipeza tili m'kati mwa maliro amenewo.

Pa mzikiti wathu ku Mangochi tinasonkha zimene tinali nazo: ufa, usipa wouma, zovala ndi ndalama pang'ono. Tinasankha kupita nazo ku Thyolo, chifukwa mnyamata wina amene tinamuphunzitsa ku madrasa amathyola tiyi kumeneko, ndipo anatiimbira foni kuti m'mudzi umene akukhala nyumba zambiri zagwa.

Munthu akafika ku Thyolo koyamba amayesa kuti dziko limenelo silidziwa usiwa. Minda ya tiyi imayala ngati mkeka wobiriwira, ndipo ina, monga ya Satemwa imene inayamba mu 1923, yadutsa mibadwo ingapo. Koma anthu othyola tiyiyo ambiri amakhala m'midzi yothithikana ya m'mphepete mwa maesiteti, akulima timinda ta m'malo otsetsereka. Nyumba zawo zambiri n'za zidina. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, khoma lotere limamwa madzi kuchokera pansi mpaka kukhala phala. Tiyi tinamupeza ali chiimire, wonyezimira. Nyumba ndiye zinali milu ya dothi.

Titatha kugawa katundu, wophunzira wathu uja anatitengera pakhonde la golosale ina m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje. Pamenepo panali mwamuna wowonda, manja ali penti yekhayekha. Ntchito yake ya masiku onse ndi kulemba zikwangwani za masitolo, koma nthawi imeneyo anali atayala zithunzi zojambula pamanja: mizere ya tiyi, mitambo yakuda, ndi phiri la Mulanje likuonekera patali. Ankagulitsa kwa odutsa pa galimoto, ndipo ndalama zake ankagulira malata, misomali ndi mapepala apulasitiki ofolera, n'kupereka kwa amene analibe pogona.

Tiulule kuti m'mitima mwathu tinamuchepetsa. Tinkaona ngati zojambulajambula ndi masewera a anthu okhuta, osati ntchito ya nthawi ya maliro. Mmodzi wa ife anafunsa mwaulemu koma mokayika kuti: "Achimwene, nanga wogula adziwa bwanji kuti ndalama yake yafikadi kwa ovutika?"

Iye sanakwiye. Anapukuta manja, natulutsa kope la ana asukulu limene linali lomangidwa ndi chingwe pa nsanamira. "Werengani nokha, Bambo," anatero. "Ndimalisiya pompano kuti aliyense aone." M'kopemo munali tsiku, chithunzi chimene chagulidwa, mtengo wake, chiwerengero cha malata, ndi siginecha kapena chidindo cha chala cha wolandira. Ngakhale ndalama imene anachotsa yogulira penti inalembedwa poyera.

Kope limenelo linatikumbutsa mlembi Stanley Onjezani Kenani, amene nthano zake zinafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine, mu 2008 ndi 2012. Mu Januwale 2021, pamene Covid-19 inadzaza zipatala ndipo mpweya wothandiza odwala kupuma unkasowa, iye analemba pa Facebook kupempha Amalawi kuti asonkhe. Anthu anapereka, a kumudzi kuno ndi a kunja omwe, chifukwa ankalengeza kawirikawiri zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Freddy atagwa, anakwezanso mawu ake kupempha thandizo. Luso la mlembi limachititsa anthu kuima n'kumvetsera, monga mmene chithunzi chimaimitsira galimoto pamsewu. Koma kuti munthu apise dzanja m'thumba kachiwiri ndi kachitatu, amafuna kuona kumene yoyamba ija inapita.

Pobwerera tinali chete m'galimoto. Aliyense ankadziwa chimene mnzake akuganiza. Ife amene timaphunzitsa ana tsiku ndi tsiku tanthauzo la amana, katundu wa mwini woikizidwa m'manja mwako, tinalibe kope. Sitinabe kanthu, Mulungu ndi mboni. Koma ndalama zinkalowa m'bokosi n'kutuluka mwa pakamwa chabe. Tinakumbukanso kuti mayi wina wamasiye, amene anapereka beseni la usipa, anafunsa tisananyamuke kuti zonse pamodzi zakwana zingati, ndipo tinamuyankha mwachidule ngati watinyoza. Chonsecho funso lake linali lomwe lija ife tinakafunsa wojambula, ndipo iye analiyankha mosanyinyirika.

Tinali titasokoneza zinthu ziwiri. Wopereka sadaka ndi bwino abise dzina lake, kuti mtima wake usatupe. Koma wosunga sadaka ya anthu ena alibe chifukwa chobisira kawerengedwe kake. Chinsinsi chimateteza wopereka, pamene kwa wosunga chimangotsegula khomo la manong'onong'o.

Lachisanu lotsatira, itatha swala, tinaimirira n'kuwerenga zonse: matumba a ufa, ndalama ya mafuta a galimoto, ndi chimene chinatsala. Kenako tinapita kunyumba kwa mayi uja kukapepesa. Iye anaseka n'kunena kuti sankatikayikira, ankangofuna kudziwa ngati usipa wake unakadyedwa ndi ana.

Kuyambira pamenepo pali kope limene limakhala pa zenera la madrasa yathu, lomangidwa ndi chingwe. Pamwamba pake tinapachika chithunzi chaching'ono cha minda ya tiyi chimene tinagula tsiku lija. Mtengo wake unakwana lata limodzi ndi misomali yake, ndipo zinalembedwa ife tikuona.